Kuwerenga maatomu pa sikelo: mmene magalamu amasandukira mamole

Tengani magalamu 7 a ufa wa ayironi ndi magalamu 4 a ufa wa sulufule, musakanize bwino, mutenthe mu test tube. Moto ukangogwira umapitiriza wokha, ndipo ukazima mumatsala ndi magalamu 11 a chinthu chakuda chotchedwa iron sulphide. Bwerezani, koma ulendo uno sulufule akhale magalamu 7 ngati ayironi. Iron sulphide sawonjezeka. Magalamu 3 apamwambawo alibe ayironi wogwirana naye, amangosungunuka kapena kupsa n'kusanduka utsi wotsamwitsa. Mwana wa sukulu akaona zimenezi amafunsa funso loyenera kwambiri: bwanji 7 ndi 4, osati 7 ndi 7?

Yankho lili m'maatomu. Atomu imodzi ya ayironi imagwirana ndi atomu imodzi ya sulufule, koma ziwirizi sizilemera mofanana. Pa muyezo umodzi, ya ayironi ndi 56 ndipo ya sulufule ndi 32. Mukagawa 7 ndi 56 mupeza 0.125. Mukagawa 4 ndi 32 mupezanso 0.125. Manambalawo afanana chifukwa maatomu a mbali ziwirizi afanana kuchuluka, ndipo 0.125 imeneyo ndiwo mamole. Sikelo imatiuza magalamu okha, pamene zinthu zikamaphatikana zimatsata chiwerengero cha maatomu. N'chifukwa chake aliyense wogwira ntchito ya Chemistry, kaya ndi mwana wa Giledi 11 ku Katete kapena woyeza dothi ku Msekera, ayenera kudziwa kuchoka pa magalamu kufika pa mamole mosakayika.

Amene anagulapo misomali m'mahadiweya a mu Chipata amadziwa kuti wogulitsa saiwerenga umodzi umodzi, amaika pa sikelo. Kilo ya misomali ya mainchi awiri imakhala ndi misomali yambiri kuposa kilo ya mainchi asanu. Kalipentala wodziwa kulemera kwa msomali umodzi angadziwe kuti wagula ingati osatsegula n'komwe pepala: agawe kulemera kwa yonse ndi kulemera kwa umodzi. Masamu a mole ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti atomu imodzi ndi yaing'ono moti kuiwerenga payokha sikuthandiza, choncho timawerenga m'magulu aakulu kwambiri, ndipo gulu limodzi ndiyo mole.

Mole imodzi ndi tinthu 6.02214076 × 10²³, ndipo m'kalasi timangolemba 6.02 × 10²³. Nambalayi imatchedwa dzina la Amedeo Avogadro wa ku Turin, amene mu 1811 ananena kuti mipweya yosiyana, ikakhala pa malo ofanana kukula, kutentha ndi kupanikizika, imakhala ndi tinthu tofanana kuchuluka. Iye mwini sanaidziwe nambalayi. Jean Perrin wa ku France ndiye anaipatsa dzinalo mu 1909 ataiyeza. Mole inalowa m'gulu la miyezo ikuluikulu ya padziko lonse yotchedwa SI mu 1971, ndipo panthawiyo inafotokozedwa kuti ndi tinthu tochuluka ngati maatomu a m'magalamu 12 a carbon-12. Mabuku ambiri amene ali m'masukulu athu akadali ndi tanthauzo limeneli. Kuyambira pa 20 May 2019 nambalayo inakhomereredwa monga ilili, osadaliranso kaboni. Aphunzitsi asade nkhawa ndi kusinthaku: kusiyana kumene kwabwera ndi pafupifupi gawo limodzi pa biliyoni, ndipo palibe sikelo ya m'sukulu imene ingakuone.

Tsono chimene chimapangitsa ntchitoyi kukhala yotheka ndi ichi. Nambala ya Avogadro inasankhidwa mwanzeru kuti mole imodzi ya maatomu a elementi iliyonse (chinthu chopangidwa ndi maatomu a mtundu umodzi wokha) izilemera magalamu ofanana ndi nambala yolembedwa pa Periodic Table, imene timaitcha relative atomic mass, kapena Ar. Kaboni ndi 12, choncho mole yake ndi magalamu 12. Nayitrojeni 14, okosijeni 16, sodiyamu 23, magineziyamu 24, aluminiyamu 27, fosiforasi 31, sulufule 32, potaziyamu 39, kashiyamu 40, ayironi 56, golide 197, mtovu 207. Ar ilibe muyezo kumapeto kwake chifukwa ndi yoyerekeza chabe, imanena kuti atomuyo ikulemera kangati poyerekeza ndi gawo limodzi mwa magawo 12 a atomu ya carbon-12. Mukailemba ndi g/mol kumapeto yasanduka molar mass, M. Nambala ndi yomweyo, koma tsopano ikunena magalamu a mu mole imodzi.

Ana ambiri amadabwa ndi kolorini, amene amalembedwa 35.5. Palibe atomu ya kolorini yolemera 35.5. Pa maatomu anayi alionse a kolorini, pafupifupi atatu ndi a chlorine-35 ndipo imodzi ndi ya chlorine-37. Chulukitsani 35 katatu, muwonjeze 37, mugawe ndi 4, mupeza 35.5. Mkuwa nawo uli ndi mitundu iwiri, copper-63 wokwana pafupifupi 69 peresenti ndi copper-65 wokwana pafupifupi 31 peresenti, ndipo zikaphatikizidwa zimapereka 63.55. Apa pali choti musamale: matebulo ena amalemba 63.5, ena amalemba 64. Pa mayeso a ECZ (Examinations Council of Zambia) gwiritsani ntchito nambala imene yasindikizidwa pa tebulo la pepala lomwelo, osati imene munaloweza kunyumba, chifukwa wochonga akuyembekezera yankho lochokera pa nambala imeneyo.

Masamu ake ndi afupi:

mamole = kulemera m'magalamu ÷ molar mass, kapena n = m ÷ M

Tinene kuti muli ndi magalamu 28 a ayironi. Lembani kaye zimene muli nazo: m = 28 g, M = 56 g/mol. Kenako n = 28 ÷ 56 = 0.5 mol. Mukafuna maatomu enieni, chulukitsani 0.5 ndi 6.02 × 10²³, mupeza 3.01 × 10²³. Pobwerera m'mbuyo mumachulukitsa: mamole 0.25 a kashiyamu ndi 0.25 × 40, magalamu 10. Ife timalimbikitsa kuti mizere yonseyi izilembedwa pamodzi ndi miyezo yake, ngakhale funso likhale losavuta chotani. Magalamu ogawidwa ndi magalamu pa mole amasiya mole. Mwana amene amaona zimenezi ndi maso ake sasokoneza chopita pamwamba ndi chopita pansi. Katrayango kaja ka n, m ndi M kamene ambiri amajambula pakona pa pepala kamathandiza kukumbukira, sitikana, koma sikauza munthu kuti walakwitsa. Miyezo imamuuza.

Kuti mumve bwino m'mutu, tengani kilo imodzi ya zitsulo zosiyanasiyana. Kilo ya aluminiyamu, uja amasungunula amisiri n'kupangira mapoto, ndi mamole 37.0. Kilo ya ayironi ndi mamole 17.9, ya mkuwa 15.7, ya golide 5.08, ya mtovu wa m'mabatire a galimoto 4.83. Kulemera n'kumodzi, koma m'kilo ya aluminiyamu muli maatomu ochuluka koposa kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi a m'kilo ya mtovu.

Kugawako sikuvuta. Pamene anthu amagwera ndi pa manambala awiri amene akugawawo: m yawoyo ndi kulemera kwa chiyani, ndipo M yawoyo ndi ya chiyani?

Choyamba, m iyenera kukhala m'magalamu. Makilogalamu achulukitsidwe ndi 1,000, mamiligalamu agawidwe ndi 1,000, ndipo tani imodzi ndi magalamu 1,000,000. Tani ya mkuwa woyengedwa wochokera ku Copperbelt ndi 1,000,000 ÷ 63.5, mamole pafupifupi 15,750. Amene waiwala kusintha n'kulemba 1 ÷ 63.5 amapeza 0.0157, yankho lochepa ndi miliyoni yathunthu, ndipo manambala ake amaoneka olondola chifukwa 1, 5 ndi 7 alipo. N'chifukwa chake cholakwa chimenechi chimadutsa osaoneka.

Chachiwiri n'chachikulu kuposa zonse, ndipo n'chimene tikufuna kukhalitsapo. Kunja kwa buku, elementi sipezeka yokha kawirikawiri. Imakhala itagwirana ndi zina, ndipo sikelo imayeza zonse pamodzi. Amayi oyembekezera akapita ku sikelo ya kuchipatala amapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi. Bungwe la WHO limalangiza mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi patsiku, koma m'piritsi mulibe ufa wa chitsulo, muli mchere wake, monga ferrous sulphate. Mtundu wokhala ndi madzi m'kati, FeSO₄·7H₂O, uli ndi molar mass ya 278, ndipo pa 278 imeneyo ayironi ndi 56 yokha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Choncho mamiligalamu 300 a mcherewo ali ndi mamiligalamu pafupifupi 60 a ayironi. Mamole a ayironi ndi 0.060 ÷ 56 = 0.00107. Amene wagawa 0.300 ndi 56 wapeza yankho lokula kasanu, chifukwa wawerengera sulufule, okosijeni ndi madzi ngati kuti zonsezo ndi ayironi.

Chitsanzo chabwino koposa chili m'nyumba zambiri za kuno kum'mawa nyengo ya dzinja ikamayandikira: thumba la feteleza. Pa thumba la Urea la makilogalamu 50 pamalembedwa 46% N. Nambalayi imachokera m'masamu omwewa. Urea ndi CO(NH₂)₂: kaboni 12, okosijeni 16, nayitrojeni awiri 28, haidrojeni anayi 4, zonse 60. Nayitrojeni ndi 28 pa 60, zimene ndi 46.7 peresenti, ndipo opanga amalemba 46 chifukwa feteleza wa m'thumba sakhala woyera kotheratu. Ndiye m'thumbamo nayitrojeni ndi 0.46 × 50, makilogalamu 23, kapena magalamu 23,000. Gawani ndi 14, mupeza mamole pafupifupi 1,640 a maatomu a nayitrojeni. Mungafike pomwepo podzera njira ina: magalamu 50,000 ÷ 60 ndi mamole 833 a Urea, ndipo molekyu iliyonse (kagulu ka maatomu ogwirana) ili ndi nayitrojeni awiri, choncho 1,667. Kusiyana pang'onoko ndi kuja kwa 46 ndi 46.7. Njira ziwiri zikakumana chonchi mumadziwa kuti simunasochere.

Masamu amenewa amamuthandiza mlimi posankha. Ammonium sulphate, (NH₄)₂SO₄, ali ndi molar mass ya 132 ndipo nayitrojeni wake ndi 28 yomweyo, 21 peresenti. Kuti mupeze makilogalamu 23 aja a m'thumba limodzi la Urea mufunika makilogalamu pafupifupi 110, matumba awiri ndi kachigawo. Matumba akafanana kukula sindiye kuti chakudya cha chimanga chafanananso.

D Compound ndiye amafunika maso awiri. Pathumba pamalembedwa 10:20:10, ndipo ambiri amawerenga kuti nayitrojeni 10 peresenti, fosiforasi 20, potaziyamu 10. Nambala yoyamba yokha ndiyo ya elementi. Yachiwiri imawerengedwa ngati P₂O₅ ndipo yachitatu ngati K₂O, mwambo wakale wa opanga feteleza umene ukadalipo mpaka lero. Choncho m'thumba la makilogalamu 50, nayitrojeni ndi makilogalamu 5, ndiye 5,000 ÷ 14, mamole 357. Apo palibe vuto. Pa fosiforasi, 20 peresenti ndi makilogalamu 10 a P₂O₅. Molar mass yake ndi 31 kawiri kuphatikiza 16 kasanu, 142. Magalamu 10,000 ÷ 142 ndi mamole 70.4 a P₂O₅, ndipo popeza muli fosiforasi awiri, mamole a fosiforasi ndi 141, amene amalemera makilogalamu 4.37 okha. Wogawa 10,000 ndi 31 amapeza 323, kuposa kawiri yankho loona. Pa potaziyamu, makilogalamu 5 a K₂O, molar mass 94, amapereka mamole 53.2, kuchulukitsa kawiri 106, kapena makilogalamu 4.15 a potaziyamu. Thumba likalembedwanso 6S, ameneyo ndi sulufule weniweni: makilogalamu 3, ndiye 3,000 ÷ 32, mamole pafupifupi 94.

Taonani chimene mamole aulula. Pa malemba a thumba fosiforasi akuoneka wochuluka kawiri kuposa nayitrojeni, 20 kwa 10. Powerenga maatomu, nayitrojeni ndi 357 pamene fosiforasi ndi 141. Zatembenuka. Mizu ya chimanga imayamwa tinthu timeneti kamodzi kamodzi, ndipo chiwerengerocho n'chimene chikunena zoona za m'nthaka.

Malangizo odziwika a chimanga m'Zambia ndi matumba anayi a D ndi anayi a Urea pa hekitala, kutanthauza thumba limodzi limodzi pa lima. Pa lima nayitrojeni ndi makilogalamu 5 kuphatikiza 23, 28, ndipo 28,000 ÷ 14 ndi mamole 2,000 ndendende. Mphunzitsi wa ku Lundazi, Chadiza kapena Nyimba sayenera kusowa mafunso oyeserera. Thumba lopanda kanthu likabwera m'kalasi lili ndi mafunso okwana sabata yonse, ndipo ana amalidziwa kale.

Mamole amakumana nafe kwinanso. Zotsatira za magazi kuchipatala zimalemba sodiyamu mu mmol/L, ndipo mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 135 ndi 145. Mamilimole 140 ndi mamole 0.140, kuchulukitsa ndi 23, magalamu 3.22 pa lita. Zotsatira za dothi nthawi zambiri zimalemba potaziyamu mu cmol pa kilogalamu: 0.2 cmol ndi mamole 0.002, kuchulukitsa ndi 39, mamiligalamu 78.

Tibwere kwa M. Funso likati "okosijeni", imani kaye mufunse: maatomu a O kapena mamolekyu a O₂? Magalamu 16 a okosijeni ndi mole imodzi ya maatomu, koma ndi theka la mole ya mamolekyu, chifukwa O₂ ndi 32. Mpweya umene timapuma uli ndi O₂, ndipo equation ikalemba O₂, nambala yogawira ndi 32. Maelementi amene amayenda awiriawiri chonchi ndi asanu ndi awiri: H₂, N₂, O₂, F₂, Cl₂, Br₂ ndi I₂. Mu feteleza muja tinagawa ndi 14 chifukwa timawerenga maatomu a nayitrojeni amene ali m'kati mwa Urea. Tikanakhala ndi nayitrojeni wa mumlengalenga, N₂, tikanagawa ndi 28. Sulufule amapezekanso ngati S₈ ndi fosiforasi ngati P₄, koma m'mafunso ambiri a sekondale amalembedwa S ndi P. Chizolowezi chabwino n'kusalemba "mol" yokha. Lembani "0.5 mol O₂" kapena "1 mol O", kuti wowerenga, ndi inu nomwe, mudziwe chimene chawerengedwa.

Cholakwa china n'chotenga atomic number, nambala ya malo a elementi pa tebulo, m'malo mwa Ar. Bokosi la sodiyamu lili ndi 11 ndi 23. Matebulo ena amaika 23 pamwamba, ena pansi, ndiye kuloweza kuti "ya pamwamba" n'kudziika pa msampha. Yogawira ndi yaikuluyo, ndipo kabokosi kofotokozera kamene kamakhala pambali pa tebulo kamanena zimenezi. Magalamu 4.6 a sodiyamu ndi 4.6 ÷ 23 = 0.2 mol. Wogawa ndi 11 amapeza 0.418. Palinso otembenuza, olemba 56 ÷ 28 n'kupeza 2. Mankhwala ake ndi kuyerekeza m'mutu musanagwire kakyuleta: mole imodzi ya ayironi ndi magalamu 56, ine ndili ndi 28, ndiye yankho liyenera kuchepera 1. Kufunsa kumeneku kumatenga kamphindi kochepa, koma kumagwira zolakwa zambiri zimene tazitchulazi.

Za kakyuleta tinene mwachidule. Pofuna kusandutsa maatomu 1.204 × 10²⁴ kukhala mamole, ambiri amadina 1.204 × 10^24 ÷ 6.02 × 10^23 motsatizana. Makinawo amagawa ndi 6.02, kenako amachulukitsa ndi 10²³, n'kutulutsa 2 × 10⁴⁶ m'malo mwa 2. Gwiritsani ntchito batani la EXP kapena la ×10ˣ, apo ayi mutsekere nambala ya pansiyo m'mabulaketi. Musamadulenso manambala pakati pa njira. Mukapeza 0.0157 n'kulemba 0.02 kenako n'kupitiriza nayo, mwalowetsa cholakwa choposa kota ya yankho lonse. Sungani manambala onse m'makinamo, mudule pamapeto pokha, ndipo kawirikawiri manambala atatu ofunika amakwana. Yankho lisakhale ndi manambala ambiri kuposa amene sikelo inakupatsani. Ngati inati 4.6, kulemba 0.20000 n'kudzitamandira kulondola kumene mulibe.

Nthawi zina sikelo palibe, koma kukula kwa chinthu kukudziwika. Waya wa magetsi wa 2.5 mm² umene amaika m'masoketi a m'nyumba, mita imodzi ya chingwe chimodzi ili ndi mkuwa wokwana 2.5 cm³. Mkuwa umalemera magalamu 8.96 pa cm³ iliyonse, ndiye magalamu 22.4, ndipo 22.4 ÷ 63.5 ndi mamole 0.353. Mamita atatu osakwana n'komwe amapereka mole yathunthu ya mkuwa. Mkuwa womwewo usanayengedwe umakhala m'miyala monga chalcopyrite, CuFeS₂, ya molar mass 183.5, mmene mkuwa ndi 34.6 peresenti. Mwala wa mumgodi uli ndi chalcopyrite wochepa pakati pa miyala wamba yambiri, choncho pamafunika kuchotsera kawiri musanagawe ndi 63.5.

Mu labu, ntchito imene imaphunzitsa zonsezi bwino kwambiri ndi yowotcha magineziyamu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'masukulu ena ana amangoiwerenga pa bolodi. Zofunika zake si zambiri: kalamba ka magineziyamu, crucible (kambale kopirira moto) yokhala ndi chivindikiro, chopanira, moto wamphamvu ndi sikelo yoyeza mpaka 0.01 g. Yambani mwa kupala kalambako ndi sandipepa mpaka kawale, chifukwa khungu lotuwa la pamwamba ndi magineziyamu amene wagwirana kale ndi mpweya. Mukalisiya mumaliyeza ngati chitsulo pamene silidzatenganso okosijeni. Yezani crucible ndi chivindikiro, tinene 24.50 g. Pindani kalambako momasuka, muike m'kati, muyezenso, 24.74 g. Magineziyamu ndi 0.24 g. Tenthani mwamphamvu chivindikiro chili pamwamba, n'kumachitukula pang'ono ndi chopanira nthawi ndi nthawi kuti mpweya ulowe. Musayang'anitsitse kuwala koyerako, kumapweteka maso. Kuyaka kukatha tenthanibe kwa mphindi zingapo, muziziritse, muyeze. Tenthaninso, muziziritse, muyezenso, mpaka kulemera kusiye kusintha. Zikayenda bwino mupeza 24.90 g, kutanthauza kuti okosijeni amene walowa ndi 0.16 g. Tsopano 0.24 ÷ 24 ndi 0.01 mol, ndipo 0.16 ÷ 16 ndi 0.01 mol. Imodzi kwa imodzi, MgO. Apa timagawa ndi 16, osati 32, chifukwa tikuwerenga maatomu amene ali mu ufa woyerawo.

Kawirikawiri okosijeni amatuluka wochepa, ndipo zifukwa zake zimadziwika. Utsi woyera umene umathawa chivindikiro chikatukulidwa kwambiri ndi magnesium oxide yemweyo amene mukufuna kuyeza. Kalamba kakapindidwa mothinana, ka m'kati sikapsa. Magineziyamu wina amagwirana ndi nayitrojeni wa mumpweya n'kupanga Mg₃N₂, ndipo pamenepo magalamu 72 a chitsulo amangowonjezeka ndi 28 m'malo mwa 48. Mankhwala ake ndi kudontheza madzi pang'ono pa ufawo utazizira, n'kutenthanso. Fungo la ammonia likamveka ndiye kuti nayitrojeni akuchoka. Kuyeza crucible ikadali yotentha kumasokonezanso sikelo chifukwa mpweya wofunda umakwera pambali pake. Gulu limene lapeza 24.86 g lili ndi okosijeni 0.12 g, mamole 0.0075, ndipo chiwerengero chikuoneka ngati 4 kwa 3. Ana asauzidwe kuti angolemba MgO poti ndiyo ili m'buku. Alembe zimene apeza, afotokoze kumene 0.04 g yapita. Kumbukiraninso kuti pa 0.16 g, sikelo ikaphonya ndi 0.01 g yokha, yankho lasuntha ndi 6 peresenti. Ngati sukulu ili ndi sikelo ya 0.1 g basi, ntchitoyi siingapereke nambala yodalirika ndi kalamba kakang'ono chonchi.

Pali chinthu chimodzi chokhudza malo athu chimene mabuku sanena. Mukaika magalamu 0.06 a magineziyamu mu hydrochloric acid wokwanira, mamole ake ndi 0.06 ÷ 24 = 0.0025, ndipo haidrojeni wotuluka ndi mamole 0.0025 a H₂. Buku limati mole ya mpweya imatenga 24 dm³, kapena 24,000 cm³, ndiye muyembekezere 60 cm³. Koma 24 imeneyo ndi ya malo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 20. Chipata ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, kumene mpweya supanikiza kwambiri, pafupifupi 88 kapena 89 kPa m'malo mwa 101. Pa tsiku la madigiri 25, mole ya mpweya kuno imatenga pafupifupi 28 dm³, ndipo syringe ingaonetse pafupi ndi 70 cm³. Mu October, kukatentha kwambiri, imapitirira pamenepo. Mwana amene wapeza 68 kapena 70 sanalakwitse, ndipo asachotseredwe mamalikisi pa ntchito ya mu labu chifukwa chosapeza 60. Pa pepala la mayeso agwiritse ntchito 24 monga lalembera. Mamole ochokera pa kulemera sasintha ndi malo: magalamu 0.06 a magineziyamu ndi mamole 0.0025 ku Chipata, ku Mfuwe kuchigwa, ngakhale ku Beira m'mphepete mwa nyanja. Chimene chimasintha ndi malo amene mpweyawo ukutenga, choncho amene akufuna kubwerera kuchoka pa cm³ kupita ku mamole mu labu ya kuno ayenera kulemba kutentha kwa tsikulo ndi kupanikiza kwa mpweya, n'kugwiritsa ntchito pV = nRT, R ali 8.31, p ndi kupanikiza kwa mpweya mu pascal, V ndi malo amene mpweyawo watenga mu m³, ndipo T mu kelvin, kutanthauza madigiri a pa thermometer kuphatikiza 273.